Zomwe nyanja imalavula pa Ilha de Moçambique

Pa Ilha de Moçambique nyanja imachoka kawiri pa tsiku. Madzi amaphwa pang'onopang'ono n'kuthawira kutali, kusiya ngalawa za asodzi zitagona cham'mbali pamchenga, ndipo pakatha maola pafupifupi 6 amayambanso kubwerera. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala kumdima, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumafika mamita atatu kapena anayi. Munthu wozolowera nyanja ya Malawi, kumene bwato umalipeza pomwe unalisiya dzulo, amayamba waima kaye kukamwa kuli yasa. Eni chilumba alibe nthawi yodabwa. Madzi akangoyamba kutsika, amayi amamanga bwino zitenje zawo za kapulana, kunyamula ndowa ndi kachitsulo kokumbira, n'kulowa m'matope kukafuna nkhono ndi nkhanu za ndiwo. Ana nawo amatsika, koma maso awo amakhala pa zina.

Iwo amafuna tizidutswa ta magalasi tomwe nyanja yapera mpaka kutha ukali wonse, mapale oyera a maluwa abuluu ochokera ku mbale za ku China, ndi mikanda yagalasi ing'onoing'ono ngati njere za mawere. Zomwezi zimakokanso alendo ochokera kutali. Ku America, ku Britain ndi ku Japan kuli anthu amene kutola magalasi a m'nyanja kunawalowa m'magazi. Amasunga ndalama za ulendo, amawerengera masiku a mwezi, amayenda chowerama m'magombe kuyambira m'bandakucha, ndipo ku America amachititsa zionetsero za chaka ndi chaka kumene chidutswa chokongola koposa chimapata mphoto. Ambiri amalunjika ku zilumba za ku Caribbean kapena ku Hawaii. Koma kwa Mmalawi, kwa Mchewa wa ku Chipata, kapena Mnyanja wa ku Tete ndi ku Niassa, ine ndikuti palibe gombe loposa la kachilumba aka ka m'chigawo cha Nampula, chifukwa zina mwa zomwe nyanja imalavula pano zinali pa ulendo wopita kwathu.

Tiyambe ndi galasi lenilenilo. Amalipanga posungunula mchenga woyera pamodzi ndi soda ndi laimu m'ng'anjo yotentha madigiri pafupifupi 1,500. Botolo likasweka n'kugwera m'nyanja, limagwidwa mbali ziwiri. Mafunde amaligubuduza pamiyala ndi pamchenga usana ndi usiku, kudya nsonga zonse zakuthwa. Madzi amchere nawo amatsukuluza soda ndi laimu zimene zili pakhungu lake, n'kusiya timaenje tosawerengeka, tina tokhota ngati chilembo cha C, tomwe munthu amationa akayang'anitsitsa padzuwa. Timaenje timeneti ndi tomwe timalichititsa kuoneka lotuwa ndi kumveka lokhakhala pang'ono pachala. Ukalinyowetsa, mtundu wake weniweni umabwerera nthawi yomweyo; likauma limatuwanso. Ntchito imeneyi simatha msanga: imafuna zaka 20, 30, 40, mwinanso kuposa apo. N'chifukwa chake odziwa amazindikira msanga galasi lachinyengo lomwe amalonda ena amaligubuduza m'makina kapena kuliviika mu asidi. Limakhala losalala mofanana paliponse, lopanda timaenje tija.

Mtundu wa galasi umanena zambiri za komwe linachokera. Lobiriwira, lakhofi ndi loyera ndilo lochuluka kulikonse, chifukwa ndi la mabotolo a mowa, vinyo ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Pa Ilha lakhofi lambiri ndi la mowa wa masiku ano monga 2M ndi Laurentina. Labuluu woderako limachokera ku chitsulo chotchedwa cobalt chimene ankathira popanga mabotolo a mankhwala ndi a poizoni. Lofiirira pang'ono chapepo nthawi zambiri linali loyera pachiyambi: cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 opanga magalasi ankathiramo manganese kuti liyere, ndipo dzuwa la zaka zambiri limalisintha mtundu. Lofiira ndi losowa kwambiri, pakuti kale kuti apeze mtundu umenewo ankathiramo golide pang'ono. Ndiye pali lija otola amalitcha lakuda, lomwe munthu wosadziwa amalipitirira poganiza kuti ndi mwala. Ukalikweza kudzuwa umaona kuti ndi lobiriwira moderatu, lokhuthala, nthawi zina lili ndi timathovu ta mpweya m'kati mwake. Limeneli ndi la mabotolo a vinyo ndi jini a zaka za m'ma 1700 ndi 1800, omwe ankaumbidwa pochita kuuzira ndi pakamwa. Pa chilumba chimene asilikali, ansembe ndi amalonda a ku Ulaya anakhalapo zaka mazana anayi akulandira vinyo wa pa zombo, galasi lotere silisowa.

Chilumbacho n'chaching'ono zedi: makilomita atatu m'litali, ndipo m'lifupi mamita 200 mpaka 500 okha. Munthu amayenda kuchokera kunsonga ina kukafika kwina ola lisanathe. Komabe dziko lonse la Mozambique linatenga dzina lake pano. Amalonda achiswahili ndi achiarabu anali atakhazikikapo kale pomwe Vasco da Gama anafika mu 1498. Apwitikizi anachilanda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, n'kumanga kachalitchi ka Nossa Senhora do Baluarte mu 1522, komwe kakadalipo mpaka lero ndipo kamatengedwa ngati nyumba yakale koposa ya Azungu kummwera kwa dziko lapansi. Mu 1558 anayamba kumanga linga la São Sebastião, lomwe Adatchi analephera kulilanda mu 1607 ndi mu 1608. Zombo zambiri zopita ku Goa ku India ndi zobwerera ku Lisbon zinkaima pano kudikira mphepo, kutunga madzi ndi kuika m'manda odwala. Chilumbachi chinali likulu la Apwitikizi m'dera lino mpaka 1898, pomwe boma linasamukira ku Lourenço Marques, mzinda womwe lero ndi Maputo. Bungwe la UNESCO linachiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1991.

Kumpoto kuli tauni ya miyala, ya nyumba zamakoma okhuthala, zina zokonzedwa bwino, zina zikugumuka mizu ya mitengo itazikulunga. Kummwera kuli Macuti, kumene kumakhala anthu ochuluka, m'nyumba zothinana zomwe zambiri zinkafoleredwa ndi masamba a kokonati. Ukamayenda pamsewu umaona kuti Macuti ali m'munsi, madenga ena akulingana ndi mapazi ako. Chifukwa chake n'chakuti miyala yomangira tauni ya kumpoto anaikumba kumeneku, ndipo mbadwa za omwe anaikumba zinatsala m'maenjemo. Kwa zaka mazana ambiri, chilichonse chosweka m'nyumba za mbali zonse ziwiri chinkatayidwa kunyanja, ndipo zombo zinkasweka pamiyala ya pakhomo penipeni pa doko. Gombe la pano ladzaza pa zifukwa ziwirizi.

Kutola kwake kulibe matsenga, koma kumafuna kuleza mtima. Nthawi yabwino ndi ya m'mawa madzi akamatsika, makamaka kukakhala kuti kunachita mphepo yamkuntho masiku apitawo n'kutakasa pansi pa nyanja. Pamchenga woyera wosalala palibe kanthu. Malo ake ndi pamzere pomwe mafunde amasiya timiyala, zigoba zosweka za nkhono ndi ndere, kapena m'munsi mwa makoma akale momwe madzi amazungulira. Uyenera kuyenda dzuwa lili kumbuyo kwako, pang'onopang'ono, ndipo ukapeza chidutswa chimodzi ukhale pansi pomwepo, chifukwa nyanja imasanja zinthu molingana ndi kulemera kwake, zofanana zimagwera pamodzi. Nsapato n'zofunika, pakuti miyala ya m'nyanja imacheka, ndipo mbali zina za gombe si zaukhondo chifukwa cha kuchepa kwa zimbudzi m'malo othinana. Chidutswa chomwe chikadali chakuthwa kapena chonyezimira sichinapse. Otola enieni amachiponyanso m'madzi akuya kuti nyanja ipitirize ntchito yake.

Otola mikanda amagwira ntchito mosiyana. Ndinakhala pafupi ndi mnyamata wina amene ananjuta m'mphepete mwa madzi ndi chitini choboolaboola ndi msomali. Ankatapa mchenga wonyowa, kuviika chitinicho m'madzi, kuchigwedeza mpaka mchenga wonse utatsika, kenako n'kukhuthulira zotsalazo pachikhatho. Ndi nsonga ya chala chonyowa ankasankhamo timikanda, tina tofiira chadothi, tina tabuluu, tina tachikasu, n'kutisunga m'kamwa pambali pa tsaya mpaka titachuluka, ndiyeno n'kutilavulira m'kabotolo ka mankhwala. Atandithirira pang'ono padzanja ndinaona kuti palibe tiwiri tofanana. Tina tinali todulidwa mopendekera, tina tatitali pang'ono, mabowo ake osakhala pakati penipeni. Madzulo mikanda imeneyi amaitunga pa ulusi wa nayiloni, ndipo mawa lake anyamata amayenda nayo m'misewu ya tauni ya miyala akuitanira alendo kuti agule mikandayo, yomwe amaitcha missangas.

Kusafanana kumeneko kumachokera ku kapangidwe kake. Amisiri a ku India ankakoka galasi losungunuka kukhala kapaipi kakatali kopyapyala, kulidula tizidutswa, n'kutitenthanso pang'ono kuti m'mbali mwake muzungulire. Mikanda yotere inayenda pa nyanja ya Indian Ocean zaka zoposa 1,000, ndipo akatswiri ofukula zakale anaipeza ku Mapungubwe, ku Great Zimbabwe ndi ku Khami. Apwitikizi atafika anapeza kuti anthu a kumtunda amadziwa bwino mkanda womwe akufuna, ndipo a ku Ulaya ankaukana. Choncho anakakamizika kumakagula mikanda ndi nsalu ku India komweko. Pambuyo pake ndi pamene ya ku Venice ndi ku Bohemia inadzalowa msika mwamphamvu. Inkabwera m'migolo ndi m'matumba, ndipo pamodzi ndi nsalu inkagwira ntchito ya ndalama. Thumba likang'ambika potsitsa katundu, kapena chombo chikamira, mikanda masauzande ambiri inkamwazikira pansi pa madzi.

Imene sinamwazike inawoloka kupita ku Mossuril, kutsidya kwa doko, n'kuyamba ulendo wa kumtunda pamitu ya amtengatenga. Apa m'pamene nkhaniyi imatikhudza. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la Kalonga, katswiri wa ku Malawi Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi yambiri, zipangizo zamkuwa, zotsalira za minyanga ya njovu ndi mapale a mbale za ku China. Mikanda ndi mbalezo zinadzera kumadoko a kunyanja yamchere, ndipo m'zaka za m'ma 1600 mphamvu za Amaravi zinkamveka mpaka kumtunda koyang'anizana ndi chilumbachi. M'zaka za m'ma 1700 Ayao ndiwo ankatsogola pa njira imeneyi, kubweretsa minyanga ku Mossuril chaka ndi chaka nyengo yachilimwe n'kubwerera ndi nsalu ndi mikanda. Wolemba mbiri Edward Alpers anafotokoza za malonda amenewa m'buku lake la mu 1975 lotchedwa Ivory and Slaves in East Central Africa. Mikanda ya m'chiuno yomwe anamkungwi amalangiza nayo atsikana, ndi ija agogo athu ankasunga m'nsupa, ili ndi mbiri yomwe mbali ina inadutsa pa madoko ngati ili.

Pamodzi ndi minyanga panadzabwera anthu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1700 Afalansa ankagula akapolo pano kupita nawo ku minda ya nzimbe ya ku Mauritius ndi ku Réunion, ndipo kenako amalonda a ku Brazil anachulukitsa malondawo. Ogulitsidwawo anali Amakua, Alomwe, Ayao, Amang'anja ndi ena a m'mbali mwa nyanja yathu. Pa 3 December 1794 chombo cha São José Paquete de Africa chinanyamuka pa chilumbachi ndi anthu oposa 500 m'mimba mwake, kulunjika ku Maranhão ku Brazil. Pa 27 December chinasweka pamiyala pafupi ndi Cape Town. Anthu oposa 200 anamira, ndipo opulumukawo anagulitsidwanso ku Cape komweko. Akatswiri a Slave Wrecks Project analengeza mu 2015 kuti apeza mabwinja a chombocho, ndipo pamwambo wokumbukira anathira pamalopo dothi lochokera ku Mozambique. Zitsulo zolemera zomwe zinkaikidwa pansi pa chombocho zinakaonetsedwa ku National Museum of African American History and Culture mumzinda wa Washington. Portugal inaletsa kutumiza akapolo kunja mu 1836, koma malondawo anapitirira mobisa kwa zaka zambiri.

Pa chilumbapo pali Jardim da Memória, munda wachikumbutso womwe unatsegulidwa mu 2007 m'bwalo la nyumba yakale yosungiramo katundu m'mbali mwa nyanja. Wopita kukatola magalasi ayambe wafika kumeneko asanatsikire kugombe. Akatero, kamkanda kofiira kaja sakakaona chimodzimodzi. Palibe angaloze mkanda umodzi n'kunena kuti uwu unagula munthu, koma mitundu ya katundu yomwe inkagula minyanga ndi yomweyo inkagula anthu, ndipo izi n'zokwanira kuti dzanja lizengereze.

Pali nkhani inanso yomwe imandipweteka mtima. M'madzi ozungulira chilumbachi muli zombo zambiri zomira. Chimodzi, chimene akatswiri amati ndi Espadarte, chinamira pafupi ndi linga mu 1558 chitanyamula mbale za ku China za nthawi ya mafumu a Ming. Kampani ya Arqueonautas, itapatsidwa chilolezo ndi boma, inavuula katundu wa m'chombocho, ndipo mu 2004 gawo lina linagulitsidwa pa okushoni ya Christie's ku Amsterdam. Gawo lina linatsala m'dziko ndipo limaonetsedwa m'nyumba ya zinthu zakale za panyanja ku Palácio de São Paulo, pa chilumba pomwepo. Akatswiri ambiri a ku Mozambique ndi akunja anadzudzula malondawa, ndipo ine ndili mbali yawo. Chombo chomira chimaphunzitsa zinthu zake zikakhala pamodzi: mbale iyi inali pafupi ndi chiyani, mgolo uwu unali mbali iti, mikanda iyi inapakiridwa ndi nsalu yanji. Zikabalalika m'nyumba za anthu olemera a m'maiko khumi, zimatsala zokongola koma sizinenanso kanthu. Pangano la UNESCO la mu 2001 loteteza chuma cha pansi pa madzi limakana malonda otere pa chifukwa chomwechi.

Zinthu zinasinthako. Yunivesite ya Eduardo Mondlane inakhazikitsa pa chilumbapo malo ofufuzira zakale otchedwa CAIRIM, omwe amagwira ntchito limodzi ndi Slave Wrecks Project, ndipo achinyamata a pomwepo aphunzitsidwa kumira pansi pa madzi ndi kulondera zombo zija. Lamulo la Mozambique nambala 10/88, la mu 1988, limateteza chuma cha chikhalidwe, ndipo zinthu zakale zofukulidwa pansi kapena m'madzi siziloledwa kutuluka m'dziko popanda chilolezo. Choncho mlendo ayenera kusiyanitsa. Chidutswa cha botolo la mowa kapena la mankhwala la zaka makumi angapo zapitazo ndi chinyalala chomwe nyanja yakongoletsa. Kutola zochepa zotere sikulanda munthu kanthu. Koma mapale a ku China, ndalama zachitsulo zakale, mikanda yakale ndi makosi a mabotolo akuda aja n'zoyenera kuzigwira, kuziyang'ana, kuzijambula ndi foni n'kuzisiya, kapena kukazionetsa ku nyumba ya zinthu zakale.

Sindikunena izi mopeputsa anyamata ogulitsa mikanda. Pa chilumba ntchito n'zosowa, nsomba sizikwanira aliyense, ndipo mkanda umodzi wogulidwa ndi mlendo umadyetsa banja tsiku limenelo. Kuwauza kuti asiye popanda kuwapatsa china n'kulankhula kwa munthu wokhuta. Chomwe mlendo angachite n'kusankha pomwe ndalama yake igwere. Anyamata omwewo amadziwa ngodya iliyonse ya chilumba ndipo amaperekeza bwino alendo. Alipiridwe pa ntchito imeneyo. Asodzi amatenga anthu pa ngalawa zamatanga kupita ku Ilha de Goa, komwe kuli nsanja yakale younikira zombo, kapena kutsidya ku Cabaceira. Amisiri a siliva, osoka zovala za kapulana, amayi ophika nsomba ya mkaka wa kokonati ndi magulu ovina tufo onse alipo. Ndipo yambiri mwa mikanda yomwe imagulitsidwa ndi yosakaniza ndi yatsopano ya m'sitolo. Kugula yatsopanoyo modziwa, pamtengo wabwino, kulibe vuto.

Gombe limatha, ngakhale lichuluke bwanji. Ku Fort Bragg m'chigawo cha California, anthu ankataya zinyalala kunyanja mpaka 1967, ndipo patapita zaka malowo anasanduka gombe la magalasi okhaokha lotchuka padziko lonse. Alendo akhala akutapa m'matumba ndi m'ndowa, ndipo lero magalasiwo achepa kwambiri ngakhale kuti pa mbali ya gombelo yomwe ili m'paki ya boma kutola n'koletsedwa. Komanso magalasi atsopano sakulowa m'nyanja monga kale, poti zakumwa ndi mankhwala ambiri tsopano zili m'mapulasitiki. Pamzere wa mafunde pa Ilha, zotsekera mabotolo apulasitiki, zidutswa za maukonde ndi mapatapata oduka n'zomwe zikuchuluka, ndipo izi sizisalala n'kukongola. Zimangofumbutuka n'kulowa m'mimba mwa nsomba zomwe anthu a pachilumba amadya.

Kufikako kuchokera ku Malawi sikovuta monga ambiri amaganizira. Njira ina ndi yodzera pa chipata cha Chiponde m'boma la Mangochi kulowa ku Mandimba, kenako Cuamba, kumene kuli msewu ndi njanji zopita ku Nampula. Ina ndi ya pa Muloza ku Mulanje kulowa ku Milange, kudzera ku Mocuba. Kuchoka mumzinda wa Nampula ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180 pa maminibasi omwe kumeneko amati chapa, kudutsa Namialo ndi Monapo, mpaka pa mlatho wopapatiza wa makilomita oposa atatu womwe unamangidwa m'zaka za m'ma 1960. Miyezi ya May mpaka October ndiyo yabwino. Kuyambira January mpaka March ndi nyengo ya anamondwe. Namondwe Gombe, yemwe anasautsanso kummwera kwa Malawi mu March 2022, anatulukira kumtunda m'gombe la chigawo cha Nampula chomwechi. Chifukwa cha nkhondo ya ku Cabo Delgado chakumpoto, ndi bwino kufunsa za chitetezo musananyamuke. Eni chilumba ambiri ndi Asilamu, choncho zovala zosambira zithere kugombe, ndipo mayi wodzola musiro kumaso apemphedwe kaye asanajambulidwe. Wodziwa Chilomwe amatolako mawu ambiri m'Chimakua cha kumeneko, ndipo moni wa m'chinenerocho amatsegula makomo.

M'masukulu mwathu nkhani ya malonda a minyanga ndi akapolo imatsata kwambiri Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi wa ku Karonga, n'kulunjika ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Njira ya ku Mossuril, yomwe inayamba kale kuposa anthu awiriwa, simveka mokwanira. Masiku ano akatswiri amatha kupima mkanda ndi makina n'kudziwa ngati galasi lake linasungunulidwa ku India, ku Middle East kapena ku Ulaya, malinga ngati zikudziwika kuti mkandawo unapezeka pati. Ndikanakonda kuti dipatimenti yathu yoona za zinthu zakale ndi anzawo a ku CAIRIM aike mikanda ya ku Mankhamba pambali pa ya m'zombo za pa Ilha, aipime pamodzi, ndipo zotsatira zake zidzaonetsedwe ku nyumba ya zinthu zakale ya ku Chichiri mu Blantyre ndi ku Palácio de São Paulo, zitalembedwa m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chimakua ndi m'Chipwitikizi.